Kanyimbi ndi Mlandu wa Pakamwa Patatu

Panangokhala, kalelo nyama zikadalima minda ndi kusunga mbewu pamodzi, kunali dziko lina limene mfumu yake inali Mayi Nyamalikiti. Senderani pafupi, tikhale tonse.

Mfumuyi sinali youma mtima. Vuto lake linali khosi. Mutu wake unali kutali kumwambako, moti mawu a nyama zing'onozing'ono ankathera m'mawondo mwake. Choncho panali nduna, a Nyani, amene ankakwera mumtengo wa pabwalo n'kumanong'oneza mfumu zimene a pansi anena. Panalinso a Njiri, kapitawo wa nkhokwe ya onse. Pokolola, banja lililonse linkathira dengu la chimanga chosankha m'nkhokwemo, ndipo mvula ikayandikira linkadzatenga dengu lakelo kuti likabzale. Unali mwambo wabwino, pakuti mbewu yosunga m'nyumba imathera m'kamwa njala ikaluma.

Chaka china mitambo itayamba kusonkhana, a Njiri anaima pakhomo pa nkhokwe nkhope ili khuma.

"Abale anga, tsoka latigwera. Anankafumbwe alowa m'nkhokwe. Chaka chino banja lililonse lilandira chikho chimodzi, osati dengu."

Nyama zinagwira pakamwa. Chikho chimodzi sichikwanira ngakhale mizere itatu. Ndipo tsiku ndi tsiku, dzuwa lili pamutu, a Njiri ndi a Nyani ankatuluka ndi madengu ovundikira, amvekere akukataya zofumbwa.

Tsono kumapeto kwa mudzi kunkakhala Kanyimbi, namwali wopanda mnzake. Nyama sizinkamuda ayi, koma zinkakonda kumulonjera zitaima kumene mphepo ikuchokera. Poti analibe woyang'anana naye m'maso, anazolowera kuyenda akuyang'ana pansi, ndipo woyang'ana pansi amaona zambiri. Anaona kuti pansi pa nkhokwe panalibe ufa ngakhale pang'ono, chonsecho nankafumbwe akadya chimanga ufa umachita kuyoyoka. Anaonanso mizere ya nyerere itasenza tizidutswa ta chimanga choyera, ina yochokera ku una wa a Njiri, ina kuphanga la a Nyani.

Masiku awiri anangokhala nazo mumtima. Tsiku lachitatu anakaima patali ndi mtengo wa Gologolo n'kutsokomola.

"Achimwene, ndingalankhuleko?"

"Lankhulira pomwepo, chemwali, ndikumva bwinobwino."

Gologolo ankakonda misonkhano kuposa mtedza. Atamva nkhaniyo anadumpha nthambi zitatu.

"Apa pafunika bungwe! Tilitcha Tionenawo. Wapampando ndikhala ine, poti ndine ndaganiza dzinalo. Iwe ubwere mawa, ndipo usakhale kutali kwambiri, membala sakhala kuseri kwa chulu."

Kanyimbi anabwerera kwawo akubwereza mawu amenewo. Chibadwire palibe anali atamuitanapo kumsonkhano.

Anthu ambiri analonjeza kubwera, koma amene anafika anali awiri: Mayi Nkhwali, a mawu akuthwa, ndi a Nkhono, amene ananyamuka dzulo lake kuti asachedwe. Mayi Nkhwali anabwera ndi chiswe m'tsamba n'kugawa panayi mofanana, gawo la Kanyimbi n'kuliika m'manja mwake, osati kumuponyera.

Lamulo la pabwalo linali lakuti dandaulo lokhudza nduna silifika kwa mfumu ndi pakamwa pamodzi kapena pawiri. Pamafunika pakamwa patatu, kuti wina asamaipitse mnzake chifukwa cha kaduka chabe. Anayiwo anaona kuti pakamwa ali napo pokwanira, pena n'kutsalako. Anapekanso nyimbo yoyendera panjira. Inali nyimbo yaifupi, yolandizana: wotsogolera ankafunsa kumene kunapita ufa wa anankafumbwe, ndipo otsatira ankavomera mopempha kuti chivundikiro chichoke, nawonso aone.

Ulendo woyamba anapita Gologolo, Mayi Nkhwali ndi Kanyimbi, a Nkhono akubwera m'mbuyo. Nyimbo inamveka bwino, moti ena anasuzumira pazitseko. A Nyani anawalandira ndi mano onse pamtunda.

"Aa, bungwe! Zinthu zabwino zimenezi, dziko limakula ndi mabungwe. Koma amfumu lero mutu ukuwawawa, ndipo mukudziwa mutu wawo kutalika kwake, mankhwala amachedwa kufika. Mubwere mkuja. A wapampando, tapatukani kuno pang'ono, akuluakulu tionane."

Tsikulo litakwana, Gologolo anatulukira atavala chipewa cha mlaza chomugwera m'maso.

"Anzanga, zinthu zimakonzedwa uli m'kati. Andiika kukhala woyang'anira zivundikiro za madengu."

"Ndiye mwavundukula mwaonamo chiyani?" anafunsa Mayi Nkhwali.

"Ntchito yanga ndi zivundikiro, mayi. Za m'kati ndi ofesi ina."

"Chipewacho chakutsekani maso kapena pakamwa?"

Gologolo anakonza chipewa n'kumapita, osayang'ana kumene kunaima Kanyimbi.

Kanyimbi ndi Mayi Nkhwali anadikira a Nkhono masiku awiri kuti pakamwa pakwanenso patatu. Ulendo wachiwiri wotsogolera nyimbo anali Mayi Nkhwali, ovomera awiri, ndipo mawu a a Nkhono ankafika mzere wina utayamba kale. Asanafike pabwalo anakumana ndi a Njiri atagona chopingasa panjira.

"Mayi Nkhwali, mawu okoma! Kunyumba kuli bwanji? Ndamva muli ndi mazira asanu ndi anayi, paja pansi pa tsekera kuseri kwa chulu chofiira. Malo abwino. Kungoti ine ndimadutsa pomwepo pokamwa madzi, ndipo mapazi angawa saona."

Nyimbo inathera pomwepo. Mayi Nkhwali anayang'ana Kanyimbi, misozi ili lengelenge.

"Mwana wanga, undikhululukire. Mantha si a ine ndekha ayi, ndi a asanu ndi anayi."

"Pitani, mayi. Kafungatireni."

Mayiwo anayenda pang'ono n'kubwereranso. Anachotsa kachitsotso kamene kanakola pamsana pa Kanyimbi, kenako anathamanga osacheuka.

Panatsala pakamwa pawiri. Kanyimbi anayenda khomo ndi khomo kufuna pachitatu. Kwa Mbawala anamuuza kuti bambo achoka, chonsecho nyanga zinkaoneka pazenera. Nungu anati iye ndi ndale ndi zosiyana. Nchenzi anati, "Chikho chimodzi n'chochepa, inde, koma chimaposa kusowa ndi chikho chomwe." Kwa Mbewa chitseko sichinatseguke n'komwe, koma pansi pake panatuluka kachigoba ka madzi akumwa, kokankhidwa ndi dzanja limene silinafune kuoneka. Kanyimbi anamwa, anathokoza chitsekocho, n'kupitirira.

"Tiyeni tipite awiri omwewa," anatero a Nkhono. "Mwina panjira wina achita manyazi n'kutitsatira. Iwe tsogola ndi nyimbo, ine ndivomera. Ukamva zii usadandaule, ndiye kuti ndikukoka mpweya."

Ulendo wachitatu palibe anasuzumira pachitseko. Atafika pabwalo, a Nyani anatsika mumtengo akupukusa mutu.

"Koma ana a masiku ano nkhanza! Kuyendetsa munthu wamkulu padzuwa lotere? Bwerani, achimwene, ndikupezereni pozizira."

Anawatola a Nkhono ndi zala ziwiri, analumpha miyala ya pamtsinje, n'kukawakhazika patsidya pansi pa tsamba. Pobwera anasasa m'manja.

"Akamadzafika kuno tidzakhala tikukolola. Tsono iwe mtsikana, pakamwa uli napo pangati?"

"Pamodzi."

"Ndiye kalankhule ndi mphepo. Koma uione kaye kumene ikulowera, mphuno zathu sizinalakwe."

Kanyimbi anabwerera yekha. Panjira anayesa kuimba nyimbo ija. Anafunsa funso la wotsogolera n'kusiya mpata wa ovomera, ndipo mpatawo unangokhala pululu mpaka iye anafunsanso. Anaimba choncho mpaka kwawo, kufunsa ndi kudikira, kufunsa ndi kudikira. Kum'mawa mvula inali itayamba kung'anima. Mbalame zodziwa nyengo zinati kwatsala masiku anayi.

M'mawa mwake, posowa kopita, anakakhala kumapeto kwa bwalo n'kumaonerera milandu ya ena. Tsikulo ankaweruza Nchenzi, amene anadya nzimbe za Mbawala. Kanyimbi anaona zinthu ziwiri zimene odandaula saziona, chifukwa iwo amabwezedwa pakhomo. Choyamba, woimbidwa mlandu salankhulira mwa nduna. Mfumu imatang'adza miyendo, imatsitsa khosi mpaka pansi, n'kumva yokha kuchokera pakamwa pake, poti munthu salangidwa ndi mawu obwereka. Chachiwiri, wolakwa akavomera, bwalo lonse limanyamuka, mfumu yomwe, wolakwayo ali patsogolo, kukaonetsa ponse pamene anawononga, ndipo palibe woletsa ulendowo mpaka wolakwayo atanena yekha kuti kwatha.

Kanyimbi atazisinkhasinkha anaseka, kaphwete kakang'ono kopanda womva.

Masana omwewo, nyama zili pamzere wolembetsa chikho chawo, Kanyimbi anayenda mpaka pakhomo pa nkhokwe. Anatembenuka, anaimika mchira, n'kuchita chimene akanyimbi amachita.

Mzere unabalalika. Mbawala analumpha ana ake omwe. A Njiri anatuluka akutsokomola, misozi ili chuchuchu.

"Wapenga! Mbewu ya dziko! Waipitsa mbewu ya dziko!"

A Nyani anafika atatseka mphuno, koma maso awo ankaseka.

"Wadzipereka yekha, alamu. Woipitsa chakudya cha onse salandira gawo, ndipo amakakhala kunja kwa mudzi mpaka kukolola. Mawa lomwe mlandu. Ine pakamwa poyamba, inu pachiwiri. Pachitatu pavala chipewa apo."

Gologolo anafuna kukana. Koma wadya za eni sakana kutumwa.

Kutacha, atatuwo analawirira kubwalo kukagwirizana mawu, mabanja awo n'kuwatsatira kuti akapeze malo abwino oonerera. Kanyimbi sanafulumire. Anatsata mzere wa nyerere mpaka ku una wa a Njiri, n'kusiyako moni wake. Anatsata wina mpaka kuphanga la a Nyani, n'kusiyakonso. Ndiye panali kamzere kachitatu, katsopano, kopyapyala, kokwera mumtengo wa Gologolo. Apo anaima. Anakumbukira amene anamuuza kuti membala sakhala kuseri kwa chulu. Anayenda masitepe angapo kuchokapo, anaimanso, anabwerera. Anakwera, anachita chimene anadzera, ndipo potsika sanaseke.

Anafika pabwalo dzuwa litakwera. Atatu aja ananena mawu awo, a Nyani n'kuwakweza kumwamba. Kenako Mayi Nyamalikiti anatang'adza miyendo, khosi linatsika pang'onopang'ono, ndipo Kanyimbi anaona maso a mfumu koyamba. Anali maso aakulu, otopa. Mphuno ya mfumu inanjenjemera, koma mutu sunabwerere m'mbuyo.

"Mwana iwe, akuti waipitsa mbewu ya dziko. Ukuti bwanji?"

Mawu a Kanyimbi anatuluka aang'ono. "Wawa mfumu, ndikuvomera."

"Wavomera!" anakuwa a Njiri. "Basi, chigamulo!"

"Ndikuvomera, koma ondiimba mlanduwa andichitira chifundo chopitirira. Atchula malo amodzi. Ine ndaipitsa mbewu ya dziko malo anayi."

A Nyani anatsala pang'ono kugwa mumtengo. "Wawa, mbewu ya dziko ili malo amodzi, m'nkhokwe. Mwanayu dzuwa lamuwomba. Tisavutitse miyendo ya amfumu."

"Ngati ndanama mudzandiwonjezera chilango," anatero Kanyimbi. "Koma dzulo Nchenzi anayenda ndi bwalo mpaka phesi lomaliza. Kapena mwambowo ndi wa onunkhira okha?"

Kumbuyo wina anaseka. Mfumu inadzutsa khosi.

"Tsogola."

Anayamba ndi nkhokwe. Atatsegula anapeza chimanga chofika m'mawondo a Mbewa, choyera, chopanda bowo ndi limodzi lomwe.

"Anankafumbwe aja ali kuti?" inafunsa mfumu.

"Tinawataya, wawa," anatero a Njiri. "Onse. Mmodzimmodzi."

"Kwatha?" mfumu inafunsa Kanyimbi.

"Sikunathe."

Malo achiwiri sanafunike wolozera, mphepo inalozera yokha. Pa una wa a Njiri, Nungu analowa atatseka mphuno n'kutuluka akukoka dengu. Analowanso. Anatuluka ndi lina. Mbawala anazindikira dengu lake ndi chigamba cha luzi chimene anasoka yekha.

"Izo ndi zofumbwa," anatero a Njiri. "Ndinazisunga kuti ndizifufuze bwino."

"Mwafufuza mpaka khosi lasowa," anatero Nchenzi, yemwe uja wa chikho chimodzi. Tsopano aliyense anali ndi pakamwa.

"Kwatha?"

"Sikunathe."

Kuphanga la a Nyani madengu anali osanjikizana mpaka kudenga. A Nyani anati anawasungira amfumu, pokonzekera tsiku la njala. Mfumu inawayang'ana kuchokera pafupi, mwina koyamba, ndipo a Nyani anapeza kuti mawu onong'oneza samveka bwino pagulu.

"Kwatha?"

Kanyimbi anayang'ana pansi. "Kwatsala pamodzi, wawa. Ndi pang'ono."

Sanafike n'kumtengo komwe. Gologolo anavula chipewa, anakwera yekha, n'kutsika ndi theka la dengu. Analiika pamapazi pa mfumu n'kukhala pansi atafumbata mchira.

"Tsopano kwatha," anatero Kanyimbi.

Mbewu zonse zinabwerera pabwalo, ozisenza ali omwe anazichotsa, madengu ali osavundikira. A Nyani ndi a Njiri anachotsedwa pa maudindo tsiku lomwelo. Ena anayamba kudandaula kuti mbewuzo zikununkha, koma Mayi Nkhwali, amene anatulukira m'gulumo, anawadula.

"Mukudya kapena mukubzala? Nthaka ilibe mphuno."

Kenako mfumu inatsitsanso khosi n'kulankhula motsitsa, kuti amve Kanyimbi yekha.

"Mlandu wako ndiufafaniza. Palibe angatsutse lero. Ndipo nkhokwe ikufuna kapitawo."

Kanyimbi anafuna kuvomera. Anaganiza za kukhala pakati pa mudzi, anthu akubwera pakhomo pake tsiku ndi tsiku, akumutchula dzina. Koma anapukusa mutu.

"Wawa, mbewu ndinaipitsadi, onse anaona. Mukandikhululukira m'khutu chifukwa ndakukondweretsani, mawa wina adzakhululukidwa m'khutu chifukwa wabwera ndi uchi. Zinayamba choncho. Ndipo wa Tionenawo akakhala kapitawo, adzaone ndani?"

"Ndiye ndikupatse chiyani?"

"Nkhokwe izitsegulidwa kwa aliyense wofuna kuona, ngakhale abwere yekha. Dandaulo la pakamwa pamodzi muzilimva ndi khutu lanu, likakhala bodza mudzalanga mwini wake. Komanso wina akawatenge a Nkhono kutsidya. Akadali m'njira kudzapereka umboni."

Mfumu inavomera zonse zitatu pamaso pa gulu. Itatero inagamula monga mwa mwambo, mawu akulemera: Kanyimbi salandira gawo la mbewu, ndipo akakhala kunja kwa mudzi mpaka kukolola.

Nyama zinali pakalikiliki kugawana madengu, aliyense akuitana ana ake kuti adzathandize kusenza. Kanyimbi anamanga kamtolo kake n'kutuluka m'mudzi popanda womuperekeza. Malo a opirikitsidwa anali una wakale umene munthu sanagonemo zaka zambiri, ndipo iye ankayembekeza kupezamo akangaude ndi zinyalala.

Anapeza mosesedwa. Mizere ya tsache inali ikuonekabe pansi, ndipo pakona panali udzu wouma woyalidwa bwino. Anayang'ana mapazi pakhomo, iye wodziwa kuwerenga pansi, koma wosesayo anasesa ndi mapazi ake omwe potuluka.

Mvula inagwa tsiku lachiwiri. Kanyimbi anakhala pakhomo pa unawo, mchira atafunda, akumva makasu akulira m'minda yonse ya kumudzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Munda wake wokha ndi umene unagona chaka chimenecho. Wosesa uja sanamudziwe mpaka lero.

Yanga yathera pamenepa. Amene mwatsala nayo m'khutu, kaibzaleni.